Robinson Crusoe, masewera a opulumuka pangozi ya sitima: mafunso ndi mayankho pa malamulo ndi njira zopambanira

Kodi masewerawa ndi otani, ndipo wopambana amakhala ndani?

Robinson Crusoe: Adventures on the Cursed Island ndi masewera apatebulo amene anakonza Ignacy Trzewiczek wa ku Poland, ndipo kampani ya Portal Games inawatulutsa mu 2012. Amasewera munthu mmodzi mpaka anthu 4. Sitima yasweka, inu mwatsakamira pachilumba chimene simukuchidziwa, ndipo muyenera kupeza chakudya, pogona ndi njira yopulumukira. Mosiyana ndi bawo, pano palibe mnzanu woti mumudye. Nonse muli mbali imodzi, wolimbana naye ndi chilumbacho. Mukakwaniritsa cholinga cha nkhani imene mwasankha, mwapambana nonse. Mmodzi yekha akafa ndi mabala, masewera athera pomwepo ndipo mwagonja nonse. Mumagonjanso masiku akatha cholinga chisanakwaniritsidwe.

Bokosi loyamba linali ndi nkhani 6. Mayankho ambiri pano akutengera nkhani yoyamba yotchedwa Castaways, chifukwa ndi imene aliyense amayambira, komanso ndi imene imagwetsa ulesi anthu ambiri atsopano.

Tsiku limodzi limayenda bwanji?

Lili ndi magawo 6, ndipo dongosolo lake silisintha. Choyamba mumavundukula khadi la zochitika, kupatula tsiku loyamba. Kenako wosewera wotsogolera tsikulo amalandira kapena kutaya tizizindikiro ta khama, timene timagula maluso apadera, malinga ndi pamene moralo, muyeso wa chilimbikitso cha gulu, wafika. Gawo lachitatu ndi la zokolola: chilumbachi n'chopangidwa ndi zidutswa zimene mumavundukula pofufuza, ndipo chidutswa chimene pali msasa wanu chimapereka zinthu zake chokha, ndipo gombe loyambirapo limapereka chakudya chimodzi ndi nkhuni imodzi. Gawo lachinayi ndi la ntchito, ndipo nthawi yambiri imathera pamenepa. Kenako nyengo, pomaliza usiku. Usiku ukatha, utsogoleri umapita kwa wotsatira.

Pa gawo la ntchito aliyense ali ndi tizidole tiwiri. Mumayamba mwagwirizana n'kuika tizidole tonse, kenako ntchitozo zimachitika motsatana chonchi: kuthana ndi chiopsezo, kusaka, kumanga, kutola zinthu, kufufuza chilumba, kukonza pamsasa, kupuma.

Ndiike kachidole kamodzi kapena tiwiri pa ntchito?

Funso limeneli ndi limene mudzakangane nalo tsiku lililonse. Pomanga, potola ndi pofufuza chidutswa choyandikana ndi msasa, tizidole tiwiri timatsimikiza kuti ntchito itheka popanda kuponya madayisi. Kamodzi kokha kamatanthauza kuponya madayisi 3 a mtundu wa ntchitoyo. Loyamba limanena ngati mwavulala, lachiwiri ngati ntchito yatheka, lachitatu ngati mutenge khadi la zokumana nazo. Ntchito ikalephereka mumalandira tizizindikiro 2 ta khama.

Madayisiwa si ofanana, ndipo apa ndi pamene wosewera wodziwa amasiyana ndi wongoponya. Otuwa, a kutola, ndi ofatsa: ntchito imatheka pa mbali 5 mwa 6, bala limabwera pa mbali imodzi yokha. Obiriwira, a kufufuza, nawonso amatheka pa mbali 5 mwa 6, koma bala lili pa mbali 3 ndipo khadi la zokumana nazo lili pa mbali 5. Abulauni, a kumanga, ndi ankhanza kuposa onse: kutheka ndi mbali 4 zokha, bala ndi mbali 4. Ndiye potola, tumizani kachidole kamodzi kawirikawiri. Pomanga chinthu chimene tsikulo simungagone popanda icho, monga chisakasa kapena denga mvula ili pafupi, ikani tiwiri ndipo musakambirane zambiri.

Gulu loopa madayisi limagonja mofanana ndi gulu lokonda juga. Anthu 2 amene akuika tizidole tiwiritiwiri pa chilichonse amamaliza ntchito zochepa kwambiri pa tsiku, ndipo nyengo yachisanu imawapeza manja ali m'khosi. Mabala ochepa m'masiku atatu oyamba ndi malipiro abwino ngati akukugulirani chidutswa chatsopano kapena nkhuni zina.

Kumbukiraninso ziwiri izi. Chidutswa chimene chili patsogolo pa choyandikana nacho chimafuna kachidole kena koonjezera: tiwiri n'kuponya madayisi, titatu n'kutsimikiza. Ndipo anthu awiri akaphatikiza tizidole, mmodzi yekha ndiye mwini ntchito, winayo ndi wothandiza. Zabwino ndi zoipa zimagwera mwini ntchitoyo, choncho amene ali ndi mabala ambiri azikhala wothandiza.

Ndinaika tizidole tiwiri, nanga bwanji akunena kuti nditengebe khadi la zokumana nazo?

Chifukwa makhadi ena a zochitika amaika chizindikiro cha funso pa mtundu wina wa ntchito. Amene ayambe kugwira ntchito ya mtundu umenewo amatenga khadi ngakhale sanaponye madayisi. Zikatero, phindu lina la kachidole kachiwiri lapita kale, ndipo mungaganize zoponya madayisi basi, popeza simungatenge makhadi awiri pa ntchito imodzi.

Makhadi amenewa ali ndi mchira. Ambiri amakupatsani kanthu lero, kenako amasakanizidwa mu mulu wa zochitika, ndipo tsiku lina amatulukanso ndi zotsatira zake. Khadi lotero likatuluka mumachita zimene likunena, kenako mumavundukula lina mpaka litapezeka khadi lenileni la zochitika. Gulu limene latenga makhadi ambiri otere limatha kugwiridwa ndi mavuto atatu m'mawa umodzi. Khadi likakupatsani mwayi wosankha, werengani mbali yake yam'munsi musanavomere, ndipo dzifunseni ngati mudzakhale ndi mankhwala, fosholo kapena zida zimene likufuna.

Tatola nkhuni lero, bwanji sitingamangire lero lomwe?

Zonse zimene mwapeza pa gawo la ntchito zimakhala pamalo odikirira mpaka ntchito zonse zitatha. Zipangizo zimene mwapanga nazonso zimayamba kugwira ntchito pambuyo pake. Zomangira ziyenera kukhala m'manja nthawi imene mukuika tizidole. Lamulo limeneli ndi limene anthu amaliphwanya kwambiri mosadziwa, ndipo likaphwanyidwa masewera amaphweka moti kupambana kwake sikukhala kwenikweni. Tanthauzo lake pokonzekera n'lakuti denga lofunika pa tsiku 4 nkhuni zake zizikhala zitatoledwa pofika tsiku 3.

Chisakasa, denga ndi mpanda zimadya zinthu zingati?

Zimatengera kuchuluka kwa osewera. Munthu mmodzi kapena 2 amalipira nkhuni 2 kapena chikopa chimodzi. Anthu 3 amalipira nkhuni 3 kapena zikopa 2. Anthu 4 amalipira nkhuni 4 kapena zikopa 3. Mlingo uliwonse wa denga kapena wa mpanda umadya chimodzimodzi, ndipo simungasakanize nkhuni ndi zikopa pa kulipira kumodzi. Denga ndi mpanda sizimangidwa popanda pogona, kaya chisakasa chomanga nokha kapena pobisala pachilengedwe pamene pamapezeka pa zidutswa zina. Zida zokha ndi zotchipa: nkhuni imodzi pa mlingo uliwonse.

Usiku uliwonse wogona panja aliyense amalandira bala limodzi. Kwa anthu 4 amenewo ndi mabala 4 pa usiku, pamene kupuma kumachiza bala limodzi pa kachidole kamodzi. Chisakasa chikachedwa kupitirira tsiku 2 kapena 3, ngongole yake imakutsatani mpaka kumapeto.

Nyengo imawerengedwa bwanji? N'chifukwa chiyani imatipha nthawi zonse?

Mu Castaways masiku atatu oyamba alibe madayisi a nyengo. Kuyambira tsiku 4 mumaponya dayisi la mvula, ndipo kuyambira tsiku 7 mumaonjezera loyera la chisanu ndi lofiira la nyama zanjala. Kuwerengera kwake kuli pawiri. Poyamba, mtambo uliwonse wobweretsa chisanu umadya nkhuni imodzi yoothera, kaya denga lanu ndi lalitali bwanji. Kenako mumaphatikiza mitambo yonse, yamvula ndi yachisanu, n'kuchotsapo mlingo wa denga. Mtambo uliwonse wotsala umawononga nkhuni imodzi ndi chakudya chimodzi. Chinthu chilichonse chimene mwalephera kulipira chimapatsa wosewera aliyense bala limodzi.

Tiyerekeze kuti muli anthu 3 pa tsiku 8, denga lili pa mlingo 2, ndipo mwasunga nkhuni 3 ndi zakudya 3 zodya usiku. Madayisi aonetsa mitambo 2 yamvula ndi 2 yachisanu. Chisanu chadya nkhuni 2. Mitambo yonse ndi 4, denga latchinga 2, yotsala 2 ikufuna nkhuni 2 ndi zakudya 2. Nkhuni yatsala imodzi yokha, choncho aliyense walandira bala. Chakudya chatsala chimodzi, ndiye usiku anthu awiri agona ndi njala ndipo aliyense wa iwo alandira mabala 2. Onse pamodzi ndi mabala 7, pamene gulu lonse lili ndi tizidole 6 pa tsiku. Ngakhale nonse mutangogona tsiku lotsatira, simungabweze zimene zatayika.

Anthu amaopa zilombo chifukwa zithunzi zake n'zoopsa, koma chimene chimatha magulu ambiri ndi denga lalifupi. Dayisi lililonse la mitambo limatha kuonetsa mitambo 2, choncho denga la mlingo 1 kapena 2 likhalepo pofika tsiku 4, ndipo la mlingo 3 pofika tsiku 7. Mlingo umodzi wa denga umapulumutsa nkhuni ndi chakudya pafupifupi tsiku lililonse lotsala, moti ukamangidwa msanga umadzilipira wokha. Ukamangidwa pa tsiku 11 ndi kutaya nkhuni chabe.

Dayisi lofiira likhoza kukulandani chakudya chimodzi, kutsitsa mpanda ndi mlingo umodzi, kapena kubweretsa chilombo cha mphamvu 3. Mpanda ukakhala kulibe, aliyense amavulala. Zida zikakhala pansi pa 3, aliyense amalandira mabala ofanana ndi kuperewerako.

Chakudya chimatithera usiku uliwonse. Tichite chiyani?

Aliyense amadya chakudya chimodzi usiku, ndipo chotsala chimaola pokhapokha chikhale chosaola kapena mukhale ndi posungira. Choncho kutola chakudya chambiri tsiku limodzi n'kutaya tizidole. Chofunika ndi chakudya chobwera chokha m'mawa uliwonse. Wosewera aliyense amakhala kalipentala, wofufuza, wophika kapena msilikali, ndipo aliyense ali ndi chipangizo chake ndi maluso ake. Msampha wa kalipentala, umene umafuna chingwe, umaonjezera chakudya chimodzi pa chidutswa cha msasa tsiku lililonse. Njira yachidule ya wofufuza, imene imafuna mapu, imakubweretserani chinthu chimodzi kuchokera ku chidutswa choyandikana. Damu, limene limafuna mtsinje ndi nkhuni imodzi, limapereka zakudya 2 zosaola, ndipo zimenezo muzisungire tsiku loipa. Wophika akhoza kupeza chakudya chimodzi polipira tizizindikiro 3 ta khama.

Njala ikavuta, gulu limasankha wogona osadya. Asakhale munthu amene mabala 2 amudutsitse pa kamuvi kotsitsa moralo ka pa mzere wake wa mabala, kapena kumufikitsa pafupi ndi imfa.

Kodi kusaka n'kofunika?

N'kofunika, koma osati ndi manja okha. Kusaka kumafuna tizidole tiwiri nthawi zonse, ndipo kumatheka pokhapokha mu mulu wa nyama muli khadi. Makhadiwo amalowamo mukavundukula chidutswa chokhala ndi chizindikiro cha chilombo. Nyama imafa ndithu, koma mwini ntchito amalandira mabala ofanana ndi kusiyana kwa mphamvu ya nyamayo ndi mlingo wa zida, ndipo nyama zambiri zimatsitsanso zidazo. Phindu lake ndi nyama yodya komanso zikopa. Kwa anthu 2 chikopa chimodzi ndi mlingo wathunthu wa denga, choncho kusaka kumodzi kwabwino kumaposa masiku awiri otola nkhuni.

Msilikali akakhalapo, yambani ndi mpeni, umene umafuna mapiri ndipo umakweza zida ndi 1, kenako mkondo wake umene umakweza ndi 3. Iye akhozanso kusuzumira khadi lapamwamba la nyama ndi tizizindikiro 2, kapena kuonjezera mphamvu ya zida ndi 3 pa nkhondo imodzi polipira tizizindikiro 3. Popanda msilikali, musasake zida zisanafike pa 3.

Makhadi a chiopsezo tiziwathetsa onse?

Ayi. Pali malo awiri a chiopsezo. Khadi latsopano la zochitika limalowa kumanja n'kukankhira lakale kumanzere, ndipo lakumanzere likakankhidwa kunja, chilango chake chimachitika. Nthawi zambiri muli ndi masiku awiri oti mulithetse. Yerekezani chilangocho ndi ntchito ina imene kachidoleko kakanagwira. Ngati chilango ndi kutaya tizizindikiro ta khama tochepa, chisiyeni chigwe. Ngati ndi kutsitsa denga pa tsiku 7, chithetseni.

Pali kanzeru kamene ambiri sakaona. Mukathetsa khadi lakumanja, malowo amatsala opanda kanthu, ndipo khadi la mawa limangolowapo osakankha chilichonse. Lakumanzere lija lapeza tsiku lina. Izi zimathandiza pamene lakumanzere likufuna chipangizo chimene mukupanga lero.

Moralo ndi khama zili ndi ntchito yanji?

Khama ndi limene limagula maluso a munthu aliyense, ndipo luso lililonse limagwiritsidwa ntchito kamodzi pa tsiku. Kalipentala amachepetsa nkhuni imodzi pa zomanga kapena kuponyanso dayisi labulauni ndi tizizindikiro 2. Wophika amachiza mabala 2 ndi chakudya chimodzi, ndipo ndi tizizindikiro 3 amafafaniza mtambo umodzi wamvula. Wofufuza amakweza moralo ndi tizizindikiro 3. Kusunga khama mpaka masewera atha kulibe mphoto, choncho ligwiritseni ntchito.

Moralo akatsika pansi pa 0, wotsogolera tsikulo amataya tizizindikiro, ndipo kalikonse kamene alibe kamasanduka bala. Pa mzere wa mabala wa munthu aliyense pali timivi, ndipo mukadutsa kamodzi moralo amatsika. Mukachira sakwera, koma mukadutsanso pomwepo amatsikanso. Umu ndi mmene gulu limagwera m'dzenje: mabala atsitsa moralo, moralo wabweretsa mabala ena. Kukonza pamsasa kumadula mchitidwe umenewu, chifukwa kachidole kamodzi kamapereka tizizindikiro 2 ndi kukweza moralo. Pa anthu 4 mumasankhapo chimodzi mwa ziwirizo. Onetsetsani usiku kuti wotsogolera wa mawa ali ndi tizizindikiro tokwanira.

Mulu wa nkhuni wa mu Castaways tiuyambe liti?

Nkhaniyi ili ndi masiku 12. Sitima yodutsa imaoneka pa tsiku 10, 11 ndi 12, ndipo kuti ikuoneni muyenera kukhala ndi moto ndi mulu wa nkhuni 15. Muluwo uli ndi mizere 5 ya nkhuni 1, 2, 3, 4 ndi 5, ndipo pa tsiku mumaika pa mzere umodzi wokha. Nkhuni ikalowa pamulu sibwereranso.

Chimene chimasowa apa ndi masiku, kuposa nkhuni. Ngakhale mutakhala ndi nkhuni 15 pa tsiku 10, simungaziike zonse. Tsiku lomaliza loyambira ndi 8, ndipo pamenepo simuyenera kuphonya ngakhale kamodzi, m'nyengo imene chisanu chikudya nkhuni zanu. Choncho mizere iwiri yoyamba, imene ndi nkhuni 3 zokha, idzazeni masiku a mvula asanathe. Cholinga chikhale kumaliza pa tsiku 10, kuti masiku awiri otsalawo akhale opumira ngati china chalakwika.

Werengani nkhuni zonse kuyambira pachiyambi. Anthu 4 akufuna 4 za chisakasa, 12 za denga la mlingo 3 ndi 15 za mulu, zonse 31, osawerengera zoothera. Anthu 2 akufuna 23. Nkhuni imodzi ya m'mawa siingafikitse pamenepo, n'chifukwa chake nkhwangwa ya nkhaniyi, imene imaonjezera nkhuni imodzi pa msasa tsiku lililonse, iyenera kupangidwa msanga. Iyo ndi moto zonse zimafuna mapiri, ndiye kufufuza kusaime mpaka mapiri atapezeka. Wofufuza akhoza kuona zidutswa 3 zapamwamba n'kusankha chimodzi ndi tizizindikiro 2, ndipo palibe nthawi yabwino yogwiritsira luso limeneli kuposa imeneyi.

Kumapeto kwenikweni mawerengedwe amasintha. Ngati nkhuni 5 zili m'manja ndipo aliyense angapirire mabala a usiku umodzi, ziikeni pamulu m'malo mozisungira chisanu.

Kusamutsa msasa kuli ndi phindu?

Kumachitika usiku, kupita ku chidutswa choyandikana. Ngati munamanga chisakasa, chimapita nanu koma mumataya theka la denga ndi la mpanda. Ngati mumadalira pobisala pachilengedwe, denga ndi mpanda zimatsala komweko zonse. Samukani m'masiku oyamba denga lisanakwere, kupita pakati pa chilumba pamene pali zidutswa zambiri zoyandikana. Gombe loyambirapo lili m'mphepete, ndipo chilichonse chakutali chimadya kachidole koonjezera.

Friday ndi galu amagwira ntchito bwanji?

Friday, mthandizi amene si wosewera, amalowa pa masewera a anthu 2 ndi a munthu mmodzi. Ali ndi kachidole kamodzi, amagwira ntchito payekha, sadya, ndipo nyengo ndi kugona panja sizimukhudza. Dayisi likaonetsa khadi la zokumana nazo, iye amalandira bala m'malo mwa khadilo, choncho kumutuma yekha kukafufuza tsiku ndi tsiku kumamupha msanga. Akafa masewera amapitirira, koma mwataya dzanja limene silimafuna chakudya. Galu amaonjezeredwa kwa wosewera yekha, ndipo amangothandiza posaka ndi pofufuza. Gulu limene likuphunzira likhoza kumutenga galuyo kuti masewera afeweko.

Tipange zipangizo ziti poyamba?

Pabolodi pamakhala zipangizo 9 zokhazikika ndi 5 zosankhidwa mwamwayi, ndipo chilichonse chimafuna mtundu wa malo kapena chipangizo china. Musapange chinthu chifukwa choti n'chotheka. Funsani ngati chibweretse chakudya, nkhuni kapena kachidole koonjezera tsiku lililonse. Mapu, amene amafuna mtsinje, amapereka kachidole kothandiza pofufuza, choncho ndi aphindu pa tsiku 2 ndipo ndi achabe pa tsiku 9. Fosholo imatheka kuyambira tsiku loyamba chifukwa imangofuna gombe, ndipo makhadi angapo a chiopsezo amaifuna. Chipangizo chake cha munthu aliyense chimamupatsanso tizizindikiro 2 ta khama akachipanga. Zinthu ziwiri zimene mumayamba nazo zimagwira ntchito kawiri kokha chilichonse, ndiye zisungireni masiku a madayisi atatu a nyengo, pokhapokha ngati kuzigwiritsa ntchito msanga kukufulumizitsa chisakasa.